Maluwa ofiira afika 212, koma phini ndiye anandisowetsa tulo

Lero Lachiwiri, 28 Okutobala 2025, ndakhuthula chidebe cha ayisikilimu chomwe ndimasungiramo maluwa a popi oluka, ofiira aja ovala pokumbukira asilikali omwe anafera ku nkhondo, n'kuwawerenga pa bedi. Akwana 212. Sabata yatha anali 160. Ndinalonjeza 300 lisanafike Lamulungu la chikumbutso, lomwe chaka chino likugwa pa 9 Novembala, ndiye kwatsala 88 ndi zala zomwe zayamba kudandaula. Mawotchi anabwezedwa m'mbuyo dzana, ndipo kuno ku Leeds 5 koloko ikamakwana kunja kwada kale. Kwa woluka zimenezi n'zabwino ndithu, chifukwa palibe kopita.

Kwa amene mwangoyamba kunditsatira: Loweruka lililonse timakumana mu holo ya tchalitchi china, amayi pafupifupi khumi ndi awiri oluka, pamodzi ndi abambo anayi omwe akhala akugona m'misewu kapena m'nyumba zongosungirako anthu osowa pokhala. Ife oluka sitilandira kanthu. Abambowo ndi antchito, amalipidwa pa ola, £12.21 chaka chino cha 2025, monga boma linakhazikitsira mu Epulo. Iwo ndi amene amamalizitsa katundu: kuika maphini, kudula makhadi, kulongedza, ndi kukhala pa tebulo la msika. Tili ndi zitini ziwiri ndipo ndalama zake sizisakanizika. Ya maluwa a popi yonse imapita ku Poppy Appeal ya Royal British Legion yothandiza asilikali akale, osachotsapo ngakhale peni. Malipiro a abambo amachokera ku zipewa, masikafu ndi timipando tamatabwa tomwe timagulitsa chaka chonse. Mayi wotitsogolera ngwofatsa pa zina zonse, koma pa nkhani ya zitini ziwirizi sanyengerera munthu.

Kalukidwe kanga kakhazikika tsopano. Ndikugwiritsa ntchito ulusi wa DK, wonenepa pakatikati, ndi singano ya ngowe ya 4mm. Ndimayamba ndi kabwalo kakuda pakati, kenako mizere iwiri yofiira, womalizawo ndikuthinitsa misoko yaitali yotchedwa treble iwiriiwiri pa bowo lililonse kuti m'mphepete mupindike ngati duwa lenileni. Maluwa makumi awiri oyamba aja anatuluka ngati zitumbuwa zophwanyika, ndipo ndinachedwa kuzindikira chifukwa chake. Ndinkatsatira kanema wa mayi wa ku America, pomwe pepala lomwe anatipatsa ndi la kuno. Chimene Aamerika amati double crochet, kuno amati treble. Msoko umodzi, maina awiri. Panopa duwa limodzi limanditengera mphindi khumi ndi ziwiri, ndipo pa ntchito ya usiku, agogo omwe ndimawasamalira akagona, ndimatha kumaliza asanu ndi limodzi kusanache.

Vuto linali kumbuyo kwa duwa. Ndinkasiya timichira tiwiri ta ulusi kuti womalizitsa alowetse mu singano yosokera n'kusokerera phini. Kwa ine ntchito imeneyi ndi yamasewera. Loweruka la pa 18 ndinakhala moyandikana ndi bambo wina wa gulu lathu, wachikulire ndithu, yemwe anakhalapo msilikali ali mnyamata kenako moyo unamukhotera. Manja awo amanjenjemera, ndipo zala ziwiri za kumanja sizimva bwino chifukwa cha zaka zogona pozizira. Ndinawaona akulimbana ndi diso la singano kwa nthawi yaitali, osalankhula, osapempha thandizo. Pa ola lathunthu anamaliza maluwa anayi okha. Potuluka anauza mayi wotsogolera kuti asawalembere ola limenelo chifukwa sanagwire ntchito yooneka. Mayiyo anakana, koma ine ndinapita kunyumba manyazi atandigwira. Duwa ndinalipanga poganizira manja anga, osaganizira manja a munthu amene akudyerapo.

Chomwe chinandiwawa kwambiri n'choti nzeru imeneyi ilipo kalekale. Popi anayamba kugulitsidwa kuno mu 1921, maluwa oyambawo atachokera ku France kudzera mwa mayi Anna Guérin. Chaka chotsatira, mu 1922, Major George Howson anatsegula fakitale ku London yolemba ntchito asilikali omwe anabwera ku nkhondo atalumala, ndipo duwalo analikonza mwadala kuti munthu wa dzanja limodzi athe kulilumikiza. Fakitaleyo inasamukira ku Richmond ndipo ilipobe mpaka lero. Ya ku Edinburgh, ya Lady Haig, inatsegulidwa mu 1926, ndipo n'chifukwa chake popi wa ku Scotland ndi wosiyana: ali ndi mbali zinayi ndipo alibe tsamba lobiriwira. Anthu a zaka zana zapitazo anayambira pa dzanja la wantchito, ine ndinayambira pa kukongola.

Ndinayesa njira zitatu. Guluu wotentha ndinamusiya tsiku lomwelo, amaumitsa ulusi ndipo phini amagwa mvula ikangonyowetsa jekete. Phini wa matewera wolowetsa mwachindunji amagwira, koma duwa limazolika ngati lafota. Njira yachitatu ndi yomwe yatheka. Ndikamaliza kabwalo kakuda, ndimalukiratu kalamba kakang'ono kumbuyo kwake, kopingasa, kokhala ngati kogwirira lamba pa thalauzi. Womalizitsa amangotsegula phini wamkulu, kumulowetsa pansi pa kalambako, n'kutseka. Palibe singano, palibe mfundo. Kwa ine zawonjezera mphindi ziwiri pa duwa lililonse, ndipo maluwa 160 akale aja ndinachita kuwabwerera onse, ntchito yomwe inandidyera masiku anayi ndi kudandaula kosaneneka.

Loweruka lapitali ndinawapatsa bambo aja thumba loyamba osanena kanthu. Anatembenuza duwa limodzi, n'kuliyang'ana kumbuyo, n'kundiyang'ana ine. Anangoti, "Mwasintha." Ndinati, "Eya bambo, njira ija inali yovuta, ngakhale kwa ine." Bodza laling'ono, ndipo ndikukhulupirira analizindikira. Pa ola limodzi anamaliza 41. Atatopa anayamba kundiphunzitsa ine kaikidwe ka duwa pa khadi kuti lisapendekeke, ndipo anandidzudzula kuti mabowo a makhadi ndinawaboola motalikirana. Anali kunena zoona.

Pali china chomwe ndakhala ndikuchita mwakachetechete. Pa maluwa khumi alionse, limodzi ndimalisokerera kabwalo ka chitenje kumbuyo, kuchokera ku chitenje chakale cha mayi anga. Sikaoneka munthu akavala. Mnzanga wina wa kuno anafunsa tanthauzo lake, ndipo ndinamuuza za agogo a bambo anga, omwe anatengedwa kukakhala tengatenga pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kusenza katundu wa asilikali mpaka ku dziko lomwe lero ndi Tanzania. Anadabwa kumva kuti nkhondoyo inamenyedwanso ku Karonga mu Seputembala 1914, ndi kuti John Chilembwe analemba kalata yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza. Mnzangayo amakumbukira maluwa adothi 888,246 omwe anadzalidwa pa Tower of London mu 2014. Ine ndimakumbukira kuti mu 2021 bungwe losamalira manda a asilikali, Commonwealth War Graves Commission, linavomera lokha kuti anthu osachepera 116,000, ambiri a iwo Aafirika, sanalembedwe maina pa zikumbutso monga anzawo achizungu. Sitinakangane. Anapempha duwa la chitenje, ndipo anaponya £5 mu chitini.

Ndili mwana ndinkadutsa pa nsanja ya chikumbutso cha King's African Rifles, gulu la asilikali achiafirika la nthawi ya atsamunda, ku Zomba osadziwa kuti ndi ya chiyani, ndipo nkhalamba zija zovala mamendulo pa mwambo wa Novembala ndinkaziona ngati zokongoletsa mwambo chabe. Ndafunsa mayi wotsogolera ngati chaka chamawa tingapange tebulo lina la zinthu za chitenje, ndalama zake zipite kwa asilikali akale a kumudzi. Anati tikambirana mu Januwale, ndipo chitini chake chidzakhala chachitatu, chapachokha. Ndinaseka, chifukwa ndinadziwiratu kuti anena zimenezo.

Ulusi wofiira watsala mpira umodzi ndi theka, wosakwanira maluwa 88. Wa mtundu womwe ndinayamba nawo watha m'sitolo, ndipo wina womwe ndinaupeza ukupendekera ku lalanje, moti ukauika pafupi ndi wakale kusiyana kwake kumaonekera patali. Mawa ndikaweruka ndidzera ku Kirkgate Market ndi duwa limodzi m'thumba kuti ndikayerekeze pa kuwala kwa panja, chifukwa magetsi a m'sitolo anandinamiza kale kamodzi. Maphini akuluakulu ndaitanitsa 150, afika Lachisanu. Makhadi bambo aja anati ndisawakhudzenso, aboola okha.