Zomwe ndaphunzira pa thandizo la khonsolo kwa omanga nyumba za okalamba

M'chigawo chino cha maphunziro anga a kakonzedwe ka matauni, omwe ndimachita ndili kwathu kuno ku Mchinji, tinapatsidwa ntchito yofufuza mmene makhonsolo a m'mizinda ya kunja amathandizira makampani kuti amange nyumba zoyenera anthu okalamba. Poyamba mutuwu sunandikomere, chifukwa ndinkadzifunsa kuti ndalama za msonkho wa anthu wamba zingapite bwanji kwa munthu amene ali kale ndi chuma. Ndatha milungu itatu ndikuwerenga, ndipo maganizo anga asintha, ngakhale kuti sanasinthiretu.

Gwero la nkhaniyi ndi masamu. Womanga amagula malo, amatenga ngongole ku banki, amalipira amisiri, kenako amayembekezera kuti lendi ibweze zonsezo ndi phindu pamwamba. Munthu wokalamba amene anasiya kugwira ntchito sangakwanitse lendi yoteroyo, choncho popanda wina wotseka mpatawo nyumbazo sizimangidwa n'komwe. Ku America, boma linayambitsa ndondomeko yotchedwa Section 202 mu 1959, yomwe imathandiza mabungwe osafuna phindu kumanga nyumba za anthu a zaka 62 kapena kuposerapo, ndipo wokhalamo amalipira pafupifupi 30 peresenti ya ndalama zomwe amapeza. Mu 1986 kunabwera Low-Income Housing Tax Credit, yomwe imachepetsa msonkho kwa zaka 10 kwa anthu oika ndalama zawo pa ntchito yomanga, malinga ngati lendi ikhala yotsika, ndipo masiku ano pangano lake limakhala la zaka 30. Pamwamba pa izi makhonsolo amaperekanso malo pa mtengo wotsika kapena ngongole ya chiwongoladzanja chochepa. Ena amatsata njira yomwe inayamba ku California mu 1952, pomwe khonsolo imabwereka ndalama zokonzera misewu ndi mipope, n'kudzabweza ndi msonkho wa malo womwe umakwera dera likatukuka.

Chomwe chinandigwira mtima si kuchuluka kwa ndalamazo, koma pangano lolembedwa lomwe limayenda nazo. Khonsolo sipereka chifukwa chokomera mtima womanga, koma imagula kanthu: nyumba zakutizakuti, za anthu a msinkhu wakuti, pa lendi yosapitirira pakuti, kwa zaka zakuti. Pangano likakhala lofooka, womanga amalandira thandizo lero, pakapita zaka zochepa n'kukweza lendi, agogo aja n'kutuluka ndi katundu pamutu. Apa ndi pomwe mantha anga oyamba aja akadali.

Powerenga zonsezi ndinkaganiza za agogo anga akuchikazi, omwe amakhala chakufupi ndi Kamwendo ndi adzukulu awiri amasiye. Mawondo awo anafooka, chimbudzi chili kuseri kwa khola, ndipo nthawi ya dzinja njira yopita kumeneko imaterera moti usiku amaopa kutuluka. Ife a ku Mchinji timanyadira kuti Mtukula Pakhomo anayambira m'boma lathu lino mu 2006, ndipo mabanja ambiri omwe mutu wake ndi munthu wokalamba apindula naye. Koma ndalama imeneyo imathera pa chakudya, sopo ndi zofunika kusukulu za ana. Siingagule malata kapena thumba la simenti lokwanira kukonza pansi pa nyumba.

Khonsolo yathu ilibe chuma ngati cha mizinda ya ku America, ndipo kukopera njira zawo mmene zilili kungakhale kudzinamiza. Komabe ili ndi mawu pa kagawidwe ka mapuloti komanso pa kuvomereza mapulani a nyumba, ndipo m'maso mwanga chimenecho ndi chuma. Munthu wofuna kumanga nyumba za lendi khumi paboma angapatsidwe puloti pa mtengo wotsika, malinga ngati walemba pansi kuti ziwiri mwa izo zidzakhala za okalamba: zopanda masitepe, za makomo otakata moti njinga ya olumala n'kulowa, zokhala ndi chimbudzi chokhalira pafupi, mpopi pabwalo, ndi khonde pomwe munthu angaothere dzuwa akucheza ndi odutsa.

Pali mfundo imodzi yomwe sindinagwirizane nayo m'mabuku. Ambiri amalankhula za mudzi wa okalamba okhaokha, nthawi zina kunja kwa tauni komwe malo ndi otchipa. Kuno zimenezo zingavulaze anthu omwe tikufuna kuwathandiza. Agogo athu ambiri akulera adzukulu, ndiye nyumba ya chipinda chimodzi siingawakwane. Ndiponso tikudziwa tonse kuti nkhalamba yokhala payokha ndiyo imayamba kulozedwa chala kuti ndi mfiti pakagwa maliro. Mu lipoti langa ndalemba kuti nyumbazi zikhale pakati pa anthu, pamtunda woti munthu wa ndodo angafike kuchipatala, kumsika ndi kutchalitchi kapena kumzikiti osakwera kabaza, komanso kuti gawo la thandizo lipite kokonza nyumba zomwe okalamba akukhalamo kale kumudzi.

Loweruka likubwerali ndipita kwa agogo ndi chingwe choyezera, kuti ndikayeze mtunda wochokera pakhomo pawo mpaka kuchimbudzi ndi kumjigo, ndipo ndidzawafunsa ngati angalole kusamukira paboma atapatsidwa nyumba yotere.