Nambala imodzi, nyumba ziwiri

Lolemba ndinapeza bolodi ya STM32 (kakompyuta kakang'ono ka m'timakina tathu) ili zii pa tebulo, ka LED kake kosaphethira n'komwe. Ku ofesi kwathu ku Ginnery Corner timapanga timakina toyendetsa mapampu a sola, ndipo sabata yapitayi mnzanga anakulitsa bootloader, kapulogalamu komwe kamayamba kugwira ntchito bolodi ikayatsidwa, kuchoka pa 8 KB kufika pa 16 KB. Flash, memory yosunga mapulogalamu, imayambira pa adiresi 0x08000000, ndipo bootloader imakhala koyambirirako, ndiye pulogalamu yaikulu inayenera kusamukira pa 0x08004000. Mu code ya C mnzangayo anasintha adiresiyi bwinobwino. Koma mu code ya assembly (chilankhulo cha malamulo enieni a purosesa), pomwe timadumphira ku pulogalamuyo, munatsala 0x08002000. Purosesa inkatola stack pointer (adiresi ya memory yomwe imagwiriramo ntchito) m'kati mwa bootloader momwemo n'kugwa chagada.

"Achimwene, nambala imeneyi ikhale malo amodzi basi," anatero abwana.

Kunena n'kosavuta. Lachiwiri ndinalemba fayilo ya memmap.h yosunga adiresiyo m'dzina la APP_BASE, n'kuika #include (lamulo loilowetsa) pamwamba pa boot.s, fayilo yathu ya assembly. Assembler inangoti dzina la APP_BASE siikulidziwa. Ndinataya m'mawa wonse ndisanakumbukire kuti GCC, compiler yathu, imadutsitsa fayilo ya assembly mu preprocessor (gawo lomwe limamva #include ndi #define) ngati dzina lake likuthera ndi S wamkulu. Ya s wamng'ono imapita yosaphika, ndipo pa ARM mzere woyamba ndi # umatengedwa ngati ndemanga chabe. #include yanga inkadumphidwa mwakachetechete. Chilembo chimodzi chokha! Nsima ya masana ku Chichiri ndinaidya ndili ndi manyazi.

Fayilo itakhala boot.S, assembler inayamba kutsamwa ndi typedef komanso struct za mu memmap.h, poti zimenezo ndi za C. Ndinazitsekera m'kati mwa #ifndef __ASSEMBLER__, dzina lomwe GCC imadziikira yokha ikamakonza fayilo ya assembly, kunja n'kusiya ma #define okhaokha.

Chomwe chinandisowetsa tulo ndi struct (gulu la data zondondozana) ya boot_info, yomwe assembly imawerenga pongowerengera ma byte. Wina akadzawonjezera kanthu pakati, zonse zasokonekera popanda chenjezo. Linux ndi U-Boot (bootloader yotchuka) amapanga manambala a ma byte amenewa kudzera mu fayilo ya asm-offsets.c, koma ife ndi manambala atatu okha, kutero n'kuphera nyerere ndi nkhwangwa. Ndinawalemba pamanja, lililonse n'kuliikira _Static_assert ndi offsetof, kuti wolakwitsa akanidwe pa compile pomwepo.

Lachinayi magetsi kunalibe.

Lachisanu ndinasintha adiresi dala kuti ndiyese, bolodi n'kufanso. Makefile, fayilo yolamula zoyenera kumangidwanso, sinkadziwa kuti boot.S tsopano ikudalira memmap.h, ndiye inkagwiritsabe ntchito boot.o yakale, yopangidwa adiresi isanasinthe. Nditawonjezera -MMD pa lamulo la assembly n'kulowetsa mafayilo a .d omwe amalemba zomwe fayilo iliyonse ikudalira, ka LED kanayamba kuphethira cha m'ma 4 koloko. Mu linker script, fayilo yonena malo a pulogalamu mu memory, nambala ija ikadali payokha. Imeneyo ndi ntchito ya Lolemba lotsatira.