Tsidya lina la mtsinje wa St. Lawrence, kwa a Mohawk

Alendo ambiri akafika ku Montreal, ku Canada, amangozungulira m'tauni yakale n'kukwera phiri la Mont Royal. Ine ndinawoloka mlatho wa Mercier kupita ku Kahnawà:ke, mudzi wa a Mohawk, ena mwa eni nthaka amene azungu anawapeza m'dzikoli. Iwowa ndi mtundu umodzi mwa isanu ndi umodzi ya mgwirizano wa Haudenosaunee, omwe Afalansa ankawatcha Iroquois. Inayo ndi Oneida, Onondaga, Cayuga, Seneca, ndi Tuscarora amene analowa pambuyo, cha m'ma 1722.

Zikwangwani za pamsewu n'zolembedwa m'Chimohawk, koma m'masitolo chimene ndinkamva ndi Chingerezi basi. Mayi wina amene anandigulitsa supu wa chimanga ndi nyemba anandiuza kuti agogo awo ankachilankhula ngati madzi, koma sanachiphunzitse ana awo. Ankaopa. Sukulu zogonera komweko za boma ndi mipingo zinkalanga ana akamveka akulankhula chinenero cha kwawo, ndipo imodzi mwa sukuluzi, Mohawk Institute ya ku Brantford, inatsekedwa mu 1970 mokha muno. M'badwo wathunthu unakula wopanda chinenero cha makolo.

Chimene chinandigwira mtima ndi mmene akuchibwezera. Likulu lawo la chinenero ndi chikhalidwe, lomwe linayamba mu 1978, lili ndi maphunziro otchedwa Ratiwennahní:rats. Anthu akuluakulu, ena a mabanja awo, amakhala m'kalasi tsiku ndi tsiku kwa zaka ziwiri. Si masewera ayi. Mneni mmodzi amanyamula wochita, wochitiridwa ndi chinthu chimene chikukambidwa, moti chiganizo chonse chimatha kulowa m'mawu amodzi. Komanso mulibe p, b kapena m, ndiye ukamayang'ana wolankhulayo milomo sikumana. Ena mwa omaliza maphunzirowa ndiwo akuphunzitsa ana m'sukulu za m'mudzimo.

Za mafuko sizinandivute kumva. Alipo atatu: kamba, mmbulu ndi chimbalangondo. Mwana amatsata kuchikazi, ndipo pamwambo wawo ntchembere za pfuko ndizo zimasankha mfumu, mwinanso kuichotsa ikalakwa. Mchewa angadabwe chiyani pamenepa?

M'tchalitchi cha St. Francis Xavier muli manda a Kateri Tekakwitha, mtsikana wa Chimohawk amene anamwalira mu 1680 ndipo Papa anamuika m'gulu la oyera mu 2012. Sindinakhalitsemo. Kuseri kwake kumadutsa zombo zikuluzikulu mu ngalande ya Seaway imene inakumbidwa m'zaka za m'ma 1950 n'kudula mudziwu kumtsinje wake. Anthu akadali ndi mkwiyo, ndipo ndikuwamvetsa.

Amuna a kuno ndi akatswiri omanga ndi zitsulo m'mwamba. Mlatho wa Quebec utagwa mu 1907, amuna 33 a mudzi uno anafa tsiku limodzi. Akuti amayi analamula kuti amuna asamadzazanenso pantchito imodzi, ndipo anamwazikana, ambiri n'kukathera ku New York kukamanga nyumba zosanja.