Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Zingwe zafika ku Chigwa

Gawo lapita lija ndinasiyira poti ndatsika basi ndi chikwama cha zingwe, ma harness (malamba ovala m'chiuno omangirirapo chingwe) ndi zipewa zolimba zimene anandisiyira alendo ena amene ndinkawaperekeza kuchokera pa Likhubula. Nde lero ndikuuzeni mmene ndinayambira kuphunzitsa ana akwathu kuno ku Chigwa cha Shire kukwera miyala.

Anthu akamva zokwera miyala amangoganiza za Mulanje basi, khoma la Chambe lija la mamita pafupifupi 1,700 kapena Sapitwa wa mamita 3,002. Kwathu kuno ndi nzimbe zokhazokha kuyambira pa Nchalo mpaka maso kutopa, nde anzanga ankandiseka kuti aise ukakwera chani, chulu? kkkk. Koma miyala ilipo m'mbali mwa chigwachi, kungoti siifanana ndi ya ku Mulanje. Wa ku Mulanje ndi wolimba zedi, pomwe chakumadzulo kwa Nsanje cha ku Mwabvi uku wambiri ndi mwala wamchenga, ukanyowa umafewa moti pogwira pamene umadalira pamatha kungothyoka nkutsala m'manja. Mvula ikagwa ife sitikwera mpaka uume bwinobwino, olo ana adandaule bwanji.

Ndisanamange chingwe ndi chimodzi chomwe ndinayamba ndapita kwa amfumu, chifukwa kuno kwathu kwa Mbona aliyense amadziwa kuti pali malo ena sumangolowa. Ndinakhala pansi nkunena kuti mfumu, ndabwera kudzapempha thanthwe lija la kuseri kwa dambo ndiziphunzitsirapo achinyamata. Anandiyang'ana kanthawi nkuti "mwana wanga, kutsogoloko kwerani, koma kumbuyo kwake ndi kumanda musakapondeko, komanso mumng'alu waukulu uja muli njuchi." Za njuchizo palibe buku likanandiuza, ndipo munthu ali lendelende pa chingwe njuchi zikamuyamba alibe kothawira.

Ndiye pali kutentha. Okutobala ndi Novembala kuno madigiri amadutsa 40, pofika 10 koloko mwala umakhala ngati chiwaya cha tchipisi, manja ali thukuta lokhalokha olo upake choko. Timayamba kukungocha, 9 koloko tamasula zonse. Chingwe nachonso chimadana ndi dzuwa komanso asidi, nde poti nyumba zambiri kuno muli batire la sola ndinachita kuwauza amayi kuti chikwama ichi chisayandikire batire ngakhale tsiku limodzi, asidi amadya ulusi wamkati kunjaku chikuoneka chabwinobwino.

Ongoyamba kumene ndimawakweza chingwe chitamangidwa kale pamwamba. Ndimazungulira kukafika pamwambapo wapansi nkumanga malo awiri osiyana, kuti pena pakaduka pena pagwire. Mtengo wa tsanya wamoyo, waukulu, wa mizu yozama ndimaukhulupirira, koma kamtengo kongomera mumng'alu ayi. Chimphepo cha Freddy chitadutsa mu Malichi 2023 ndinachita kuyenderanso malo onse chifukwa madzi anakokolola dothi, miyala ina imene inali nji inayamba kugwedera.

Tsono chimene chimavuta kuphunzitsa si kukwera ayi. Ana akuno anakulira m'mitengo ya masau ndi bwemba, kukwera amatha kale. Chovuta ndi uja wotsala pansi wogwira chingwe, amene timati akupanga belay. Aliyense amafuna akhale pamwamba anzake azimujambula za pa Facebook, wapansiyo amaona ngati wapatsidwa ntchito yachabechabe pomwe moyo wa mnzake uli m'dzanja lake. Nde ine maso anga amakhala pa iyeyo, wokwerayo ndimangomuponyera diso apo ndi apo. Asananyamuke amayenderana, lamba wa harness wathina? mfundo ya eyiti yamangidwa bwino? karabina (kachitsulo kokolekera chingwe) yatsekedwa? kumapeto kwa chingwe kuli mfundo? chipewa chili kumutu? Akalumpha chimodzi timayambiranso.

Tsiku lina mtsikana wina wa fomu 3 anali chapakati pa thanthwe, wavala buluku mkati chitenje wasiya pansi (zimenezi zinatenga nthawi kuti amayi ake avomere, nkhani yake ndi ina). Wogwira chingwe anali mnyamata wamphamvu zake wa kabaza. Ntchentche inamutera pamphuno, iye osaganiza nkomwe anachotsa dzanja lija logwira chingwe kumunsi kwa chitsulo cha belay chodutsamo chingwecho kuti aipitikitse. Ine ndinali kumbuyo kwake nditagwirizira mchira wa chingwecho monga ndimachitira ndi aliyense watsopano, nde palibe chinachitika, mtsikanayo sanadziwe nkomwe. Atatsika ndinamuvula mnyamata uja harness nkumuuza kuti lero basi khala apo uzionerera. Anakwiya, amvekere "koma madala sanagwe nanga!" Ndinati eya sanagwe, koma ukhalabe pansi. Sabata yotsatira anabwera yekha m'mamawa nkupempha kuti ayesere ndi thumba la mchenga m'malo mwa munthu, ndipo pano ndi amene amakalipira anzake kuposa ine.

Gawo likubwerali ndikuuzani za ulendo umene ndinawatengera ku Mulanje, mmene ana oti anazolowera kugona panja chifukwa cha kutentha ananjenjemerera ndi chisanu usiku wonse pa Chambe hut.