Masiku ena kusukulu, masiku ena pakhomo

Ana athu awiri amapita kusukulu kumayambiriro kwa sabata, ndipo masiku otsalawo amaphunzirira pakhomo ndi ine. Anthu akamva zimenezi amathamangira kufunsa za masiku a pakhomowo: mumawaphunzitsa chiyani, mabuku mumawatenga kuti, kodi munapita kukoleji ya uphunzitsi? Ndi mafunso abwino. Koma chimene chimandigonetsa mochedwa ine ndi polumikizira pake, pamene mwana achoka m'manja mwa aphunzitsi kubwera m'manja mwanga, kenako n'kubwereranso.

Ndiyambe ndi za chilolezo, chifukwa kholo silingangodzuka n'kuyamba makonzedwe otere. Mayiko amasiyana. Ku England lamulo la maphunziro la 1996 limapatsa kholo udindo woonetsetsa kuti mwana akuphunzira mokwanira, kaya kusukulu kapena m'njira ina, komabe zoti mwana azibwera masiku ena okha zimadalira mphunzitsi wamkulu, ndipo iye ali ndi ufulu wokana. Ku Germany kuphunzitsira mwana pakhomo m'malo mwa sukulu n'koletsedwa. Choncho, makolo anzanga, fufuzani kaye lamulo la kumene muli musanalonjeze mwana chilichonse.

Kalasi siidikira munthu. Kuwerenga ndi masamu m'makalasi oyambirira zimayenda motsatizana, chalero chimaima pa chadzulo. Aphunzitsi akaphunzitsa kamvekedwe ka chilembo chatsopano Lachinayi, Lolemba lake amachigwiritsa kale ntchito m'maphatikizo ndi m'mawu, ngati kuti aliyense analipo. Mwana wa zaka 6 amene sanabwere tsikulo sanena kuti, "Izi zinaphunzitsidwa ine kulibe." Maganizo otere sanafikepo. Amangoona anzake akukweza manja, iye n'kudziuza kuti, "Ine sinditha." Apa ndi pamene mtima wanga umandipweteka kwambiri, chifukwa phunziro limene laphonyedwa mukhoza kulibweza madzulo amodzi, koma mwana akadzikhulupirira kuti ndi wosatha, kumuchotsa maganizo amenewo kumatenga miyezi.

N'chifukwa chake chinthu chofunika koposa m'nyumba mwathu ndi kope laling'ono limene limayenda m'chikwama cha mwana. Aphunzitsi amalembamo zilembo ndi masamu zimene kalasi ichite ana anga kulibe, ine ndimalembamo pamene tafika ndi pamene mwana wavutika. Ndinawapempha mizere iwiri kapena itatu yokha. Munthu ali ndi kalasi yonse yomuyang'ana, ndipo makonzedwe athuwa amamuwonjezera ntchito imene sanaipemphe. Zimenezi sindiziiwala, ndipo ndimayesetsa kuti kopelo lisasanduke mtolo.

Kopelo linandiphunzitsanso kugonjera. Pali njira zingapo zochitira masamu ochotsera mobwereka, pali njira zingapo zoyambira kulemba chilembo, ndipo ena amayamba ndi maina a zilembo pamene ena amayamba ndi kamvekedwe kake. Ine ndili ndi njira zimene ndinaphunzira ndili mwana, ndipo ndimazikonda. Koma mwana wanga akandiuza kuti, "Amayi, aphunzitsi satero," ndimasiya yangayo n'kutsata yawo, ngakhale ndikuona kuti yanga ndi yachidule. Kwa mwana wamng'ono njira ziwiri zimaoneka ngati maphunziro awiri osiyana. Akadzakhazikika ndidzamuonetsa inayo.

Za masiku a pakhomo, chimene chimadabwitsa anthu ndi kufupika kwake. Pofika pakati pa m'mawa timakhala tatseka mabuku. Charlotte Mason, mphunzitsi wa ku Britain amene anamwalira mu 1923, ankalangiza kuti phunziro la ana aang'ono lisapitirire mphindi 20, ndiponso kuti mwana akamuwerengera nkhani aifotokoze yekha m'mawu ake. Ndaona kuti anali ndi mfundo. M'kalasi mwana amapeza kampata kopumira aphunzitsi akamathandiza mnzake, kapena akamagawa makope. Pakhomo palibe pobisala, funso lililonse ndi lake. Mphindi 20 zotere zimatopetsa, ndipo ndikazitalikitsa ndimangoona maso akuyendayenda, pensulo ikugwa pansi mobwerezabwereza.

Kufotokoza nkhaniko ndiye ndimakukonda. Chisamba wanga amafotokoza motsatira ndondomeko, wamng'onoyo amayambira pamene pamusangalatsa n'kumabwerera m'mbuyo. Ndimangomvetsera osawadula, ndipo m'menemo ndimadziwa chimene chalowa ndi chimene chadutsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kotere mphunzitsi wa ana ambiri sangakupeze tsiku lililonse, ngakhale atafunitsitsa.

Palinso phindu lina limene sindinaliyembekezere. Hermann Ebbinghaus, katswiri wa ku Germany, anasonyeza mu 1885 kuti munthu amaiwala msanga kwambiri m'maola ndi masiku oyamba atangophunzira chinthu, ndipo kubwereza patapita kanthawi kumathandiza kuposa kubwereza kambirimbiri nthawi imodzi. Masiku athu a pakhomo amagwera ndendende pa nthawi imeneyo. Ndimayamba ndi kufunsa kuti andiphunzitse zimene anachita kusukulu, makope ali otseka. Nthawi zina wamkulu amaimirira n'kukhala mphunzitsi wa mng'ono wake, mawu n'kumatengera aphunzitsi ake. Tikamaliza amapita kosewera, amathandiza ntchito za pakhomo, amayeza madzi ndi makapu, amafunsa mafunso osatha a tizilombo timene apeza panja.

Nkhani ya anzawo ndi yovuta, ndipo sindikufuna kuichepetsa. Masewera a nthawi yopuma amapitirira ana anga kulibe. Magulu amasintha, timikangano timabuka n'kutha, masewera atsopano amayamba ndi malamulo ake. Wamng'ono sasamala, amangolowa paliponse. Wamkuluyo zimamukhudza, ndipo tsiku lobwerera amafika pachipata atandigwira dzanja mwamphamvu. Tinasankha kuti masiku a kusukulu azitsatizana kuti asamakhale mlendo kawirikawiri, timamupititsa pakakhala zamasewera kapena sewero la kalasi ngakhale silili tsiku lake, ndipo masana ena anzake amabwera kudzasewera. Zimathandiza, koma sizitseka mpata wonse.

Nthawi yogona ndi yodzuka sitiisintha. Madokotala amalangiza kuti ana a zaka 6 mpaka 12 azigona maola 9 mpaka 12, ndipo tikalekerera masiku a pakhomo, Lolemba limakhala la misozi.

Ineyo ndimatopa. Ntchito yanga ndimaipanikiza m'masiku amene ana ali kusukulu, ndipo sizophweka kukhala mayi wotonthoza ndiponso munthu wonena kuti chilembochi chilembedwenso. Bambo a ana anatenga kuwerenga kwa madzulo, kotero ana amamva liwu lina ndipo ine ndimapumako.

Kumapeto kwa teremu iliyonse timakhala pansi ndi aphunzitsi kuona ngati makonzedwewa akuwakomerabe ana, aliyense payekha. Ulendo uno wamkulu wanena yekha kuti akufuna kuwonjezera tsiku la kusukulu, chifukwa kalasi yake imaimba pa tsiku limene iye amakhala pakhomo. Mumtima ndikadakonda kukhala nayebe, koma ndamva chifukwa chake ndipo n'chomveka. Ndalemba kale m'kope kupempha kuti tikaonane ndi mphunzitsi wamkulu. Wamng'ono apitiriza monga kale.