Accounting ndi stats pambali, ine ndikuti atenge

Mwana wa achemwali anga akupanga accounting ndiye akufuna awonjezereko stats (statistics, maphunziro osanthula ziwerengero), anzake akumuuza kuti akungotaya nthawi. Ine ndamuuza atenge ndithu. Zoona, mabwana akamalemba ntchito amayamba afunsa za mapepala a ICAM kapena ACCA, mabungwe omwe amalembetsa mayeso a maakauntanti, stats payokha siingakulowetse mu ofesi. Koma ukalowa mu audit, ntchito yofufuza ngati mabuku a ndalama ali bwino, sungaone malisiti onse a chaka chathunthu, umangotapako ena, ndiye kudziwa kuti utape angati komanso ati ndi stats imeneyo. Ngakhale m'maloji a kunyanja kuno ku Mangochi, Disembala alendo ali thoo, Febuluwale kuli zii, akauntanti wotha kuwerengeratu pa Excel ndalama zomwe zilowe miyezi yoteroyo bwana samutaya. Bola zisamudyere nthawi ya mapepala a ICAM, mayeso aja si masewera.