Mizere Itatu Imene Inakana Kukumana

Sabata yatha mphunzitsi wathu wa phunziro la zivomezi anatipatsa mapepala atatu, lililonse lili ndi mizere yonjenjemera imene makina oyeza zivomezi anajambula pamalo atatu osiyana, n'kutiuza kuti tipeze pamene chivomezicho chinayambira. Njira yake si yachilendo. Mafunde otchedwa P ndi aliwiro ndipo ndiwo amayamba kufika pa makinawo, a S amabwera pambuyo, ndiye ukawerenga masekondi a pakati pawo n'kuchulukitsa ndi 8, umapeza pafupifupi makilomita a mtunda umene chivomezi chapafupi chachokera. Ndinajambula mizere yozungulira itatu pamapu, uliwonse kuzungulira malo a makina pa mtunda umene ndinapeza, kuti pokumana pake pasonyeze pamene chivomezicho chinayambira, koma inakana kukumana pamalo amodzi, moti pakati pake panatsala danga loti mzinda wathunthu ukanakwanamo. Ndinafufuta ndi kujambulanso mpaka usiku, kenako ndinazindikira kuti pa pepala lachiwiri ndinayesa kagwedezedwe kakang'ono kuti ndiko chiyambi cha mafunde a S, chonsecho chiyambi chenicheni chinali masekondi 4 kutsogolo. Masekondi 4 amenewo anali atasokoneza mtunda wanga ndi makilomita 32.

Ndikulemba izi chifukwa usiku umenewo unasintha mmene ndimaganizira za ntchito imene ndikuikonzekera. Pamene ndinkasankha sayansi ya dziko lapansi ndi zakuthambo, m'maganizo mwanga munali mapiri ophulika moto ndi makina akuluakulu oonera nyenyezi. Tsopano ndikuona kuti gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kukhala pansi, kuyang'anitsitsa manambala amene ena ayeza, ndi kusavomera kuti kanthu kakang'ono kosagwirizana ndi zinzake kapite osafunsidwa.

Inge Lehmann, katswiri wa zivomezi wa ku Denmark, anatchuka chifukwa cha khalidwe lomweli. Pofufuza zolembedwa za chivomezi chimene chinachitika ku New Zealand mu 1929, iye anaona kuti mafunde ena a P, ofooka kwambiri, anafika m'madera amene sanayenera kufikako malinga ndi zimene akatswiri ankakhulupirira pa nthawiyo. Wina akanangoti makina alakwitsa. Iye mu 1936 analemba kuti pakatikati pa dziko pali phata lina losiyana ndi lamadzimadzi lolizungulira, ndipo patapita zaka zinatsimikizika kuti phatalo ndi lolimba. Analibe kompyuta, ankalemba zonse pa timakhadi n'kumatisunga m'makatoni. Mendulo ya William Bowie, imene ndi ulemu waukulu koposa wa bungwe la American Geophysical Union, anailandira mu 1971, patatha zaka 35.

Nkhani ya Marie Tharp ndiyo imandipweteka mtima kwambiri, mwina chifukwa nanenso ndalawako kutopa kwa kujambula ndi kufufuta. Ankagwira ntchito ku Lamont, malo a kafukufuku a pansi pa yunivesite ya Columbia ku America, m'zaka zimene akazi sankaloledwa kukwera zombo zofufuzira panyanja, choncho amuna ankapita kukayeza kuya kwa nyanja ya Atlantic, iye n'kumatsala pa tebulo kusandutsa miyesoyo kukhala mapu. Mu 1952 anaona chigwa chakuya chikuyenda pakati pa mtandadza wa mapiri a pansi pa nyanjayo. Mnzake Bruce Heezen poyamba anakana, chifukwa chigwa chotere chinkagwirizana ndi maganizo a Alfred Wegener akuti makontinenti amasuntha, maganizo amene Wegener anawatulutsa mu 1912 ndipo anamwalira ku Greenland mu 1930 akatswiri ambiri akuwanyozabe. Tharp sanalakwitse, ndipo mapu a pansi pa nyanja zonse amene iye ndi Heezen anatulutsa mu 1977 akugwiritsidwabe ntchito pophunzitsa.

Pa nkhani ya mphoto, wophunzira ayenera kudziwiratu kuti Nobel alibe gawo la sayansi ya miyala ndi nthaka. Mphoto ya Crafoord, imene inayamba kuperekedwa mu 1982 ku Sweden, ndi ya Vetlesen ndizo zimatseka mpatawo, ngakhale kuti mu 2021 Syukuro Manabe ndi Klaus Hasselmann analandira Nobel ya fizikisi chifukwa cha kafukufuku wa zanyengo. Ndipo ngakhale mphoto ilipo, sikuti imagwera mwini ntchito nthawi zonse. Jocelyn Bell Burnell ali wophunzira ku Cambridge mu 1967 anaona kachizindikiro kachilendo pa mapepala aatali ochokera ku makina omvera mafunde a kuthambo, n'kutulukira nyenyezi zotchedwa pulsar, koma Nobel ya 1974 inapita kwa Antony Hewish, yemwe ankamuyang'anira, pamodzi ndi Martin Ryle. Mu 2018 atapatsidwa mphoto ya Breakthrough ya madola 3 miliyoni, ndalama zonsezo anazipereka kuti zilipirire maphunziro a ophunzira ochokera m'magulu amene sapezeka kawirikawiri mu fizikisi. Ine sindikuganiza kuti zimenezi zinafafaniza cholakwa cha 1974, koma zinasonyeza amene anali ndi mtima waukulu pa nkhaniyo.

Ambiri a ife sitidzayandikirako n'komwe mphoto zoterezi, ndipo ntchito zenizeni zili kwina: kufufuza madzi a pansi pa nthaka mijigo isanakumbidwe, kuyeza miyala m'migodi, kuona ngati nthaka ingapirire kulemera kwa damu kapena mlatho, kulosera zanyengo, ndi kutanthauzira zithunzi za masetilaiti. Ngakhale ntchito yaikulu ya SKA, imene ikumanga makina omvera mafunde a kuthambo ku South Africa ndi ku Australia, ikufuna mainjiniya ndi odziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta, osati akatswiri a nyenyezi okha.

Chimene chikundilimbitsa mtima n'chakuti zinthu zonga zimene Lehmann ankazisonkhanitsa movutikira pa timakhadi lero zili pa intaneti. Zithunzi za masetilaiti a Landsat, zimene zinayamba kujambulidwa mu 1972, zakhala zaulere kuyambira mu 2008, za Sentinel za ku Ulaya nazonso n'zaulere, ndipo pulogalamu yopangira mapu ya QGIS salipiritsa. Chosowa ndi munthu wodziwa kuziwerenga, woti akaona mtambo kapena mthunzi pa chithunzi asauyese nyanja. Pachifukwa ichi ndayamba kuphunzira Python, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, madzulo aliwonse, ndipo ntchito yoyamba imene ndadzipatsa ndi kulemba kapulogalamu kotenga masekondi a pakati pa P ndi S pamalo atatu n'kundijambulira mizere yozungulira ija. Dzulo ndinakayesa ndi manambala anga olakwika aja, ndipo mizereyo inakananso kukumana, danga lake n'kukhala lomwe lija ndinalipeza pamanja.